Phunziro: Ngongole ya Pachibale Yogulira Malo ku Lilongwe



Usipa ukaphedwa bwino miyezi iwiri itatu, kapena mpunga wa kilombero ukagulidwa pa mtengo wabwino, mbiri imafika kutauni msanga kuposa minibasi. Posakhalitsa foni imalira. "Amalume, mwaswera bwanji kunyanjako? Kuno kwapezeka nyumba ku Falls, mwini wake akufuna ndalama mwachangu. Mutandibwereka zomwe muli nazozo, ndidzabweza ndi kenakake pamwamba." Wolankhulayo ndi mwana wa mlongo wanu, munamulipirira sukulu nokha, ndipo si wakuba ayi. Mumuyankha chiyani?

Foni ngati imeneyi imalira ku Senga Bay, ku Chipoka, ku Nkhotakota, ku Malindi ndi ku Makanjira. Ena amapereka chifukwa cha manyazi, ena chifukwa cha "kenakake" kaja, ena amakana mwaukali chibale n'kuzizira. Phunziro lathu lero likuthandizani kuyankha mafunso atatu musanatulutse ndalama: kodi mgwirizanowu ndi wa halaal, kodi malowo alikodi, nanga zinthu zikavuta woluza ndi ndani?

Chifukwa chiyani maso a onse ali pa malo a ku Lilongwe

Likulu la dziko lino linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'chaka cha 1975. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzindawu munali anthu 989,318, ndipo anthu akungowonjezereka pamene nthaka sikula. Ambiri a inu amene mumapititsa nsomba kumeneko mukuidziwa bwino tauni yakale: depoti ya mabasi, msika waukulu, msewu wa Malangalanga ndi mzikiti waukulu uli pafupipo. Falls, ku Area 1, ndi koyenda wapansi kuchokera kumsikako, n'chifukwa chake nyumba zalendi kumeneko sizisowa anthu. Mukawoloka mtsinje wa Lilongwe mumapeza Area 3 ndi Area 9, ndipo chakumpoto, kupitirira City Centre, kuli Area 10, Area 12 ndi Area 43. Awa ndi madera a mipanda ikuluikulu komwe mumakhala mabwana ndi ogwira ntchito m'mabungwe akunja.

Chachiwiri ndi kugwa kwa kwacha. Pa 27 May 2022 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo pa 9 November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Munthu amene anasunga ndalama m'chikwama anadzuka ali wosauka osabedwa. Ndiye aliyense amene wapezako pang'ono akufuna kuzikwirira mu njerwa ndi malata.

Chachitatu ndi mabanki. Mu February 2024 Reserve Bank ya Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo ngongole za m'mabanki wamba zimayenderana ndi chimenechi. Kwa Msilamu, ngakhale chikanakhala chochepa bwanji, chiwongoladzanja ndi riba. Tsono mnyamata wathu uja akayang'ana uku ndi uku amaona kuti banki yomwe watsala nayo ndi amalume, azakhali ndi achimwene ake amene ali ku Johannesburg. Maganizo ake si oipa. Chofunika ndi kuwayendetsa m'njira ya Shariah.

Swahaba amene anagula malo ndi ndalama za anthu

Nkhaniyi si yachilendo m'Chisilamu. Imam Bukhari anasunga mbiri ya Zubair ibn Al-Awwam, Allah asangalale naye, mmodzi mwa maswahaba khumi amene anauzidwiratu za Jannah. Anthu ankamubweretsera chuma chawo kuti awasungire. Iye ankakana kuchilandira ngati chosungitsa, ankawauza kuti achiyese ngongole, poopa kuti chingatayike. Kusiyana kwake n'kotani? Chosungitsa chikatayika popanda kusasamala kwa wosungayo, iye salipira. Koma ngongole imabwezedwa zivute zitani, ndipo wobwerekayo ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito.

Pamene Zubair amamwalira m'chaka cha 656, pa nthawi ya nkhondo yotchedwa ya Ngamira, sanasiye ndalama m'manja. Anasiya minda iwiri, umodzi mwa iyo unali wa Al-Ghaba kufupi ndi Madina, nyumba 11 ku Madina, ziwiri ku Basra, imodzi ku Kufa ndi imodzi ku Egypt. Ngongole yake itawerengedwa inakwana 2,200,000 pa ndalama za nthawiyo. Asanalowe kunkhondoko anaitana mwana wake Abdullah n'kumuuza kuti chomudetsa nkhawa kwambiri ndi ngongoleyo, ndipo anamulamula kugulitsa katundu kuti aibweze. Munda wa Al-Ghaba, womwe anaugula pa 170,000, unagulitsidwa pa 1,600,000. Ngongole yonse itabwezedwa, Abdullah anakanabe kugawa chuma chamasiye mpaka atalengeza pa Hajj zaka zinayi zotsatizana kuti aliyense amene bambo ake anali naye ngongole abwere.

Pali zinthu zinayi zoti titolepo. Zubair ankanena poyera pa tsiku loyamba kuti ndalamazi akuzilandira ngati chiyani. Sanalonjeze munthu kenakake pamwamba. Katundu wake anali wokwanira kuphimba ngongole. Ndipo mwana wake ankadziwa zoyenera kuchita iye akamwalira. Komanso tisaiwale: munthu wolonjezedwa Jannah, wa nyumba zambirimbiri, analibe mtendere pa tsiku lake lomaliza chifukwa cha ndalama za eni. Nanga ife?

Ngongole siibereka

Mu Surat Al-Baqarah, ndime 275 mpaka 279, Allah waloleza malonda ndi kuletsa riba, ndipo wanena kuti wolapa ali ndi ufulu wotenga mpamba wake wokha, osapondereza wina komanso osaponderezedwa. Maulama anatulutsapo lamulo lodziwika lakuti ngongole iliyonse yomwe yaikidwa kuti ibweretse phindu kwa wobwereketsa ndi riba. Zilibe kanthu kuti mwalitcha dzina lanji: katapira, chithokozo, ya sopo kapena ya mayunitsi. Ngati munapangana musanapereke, kapena nonse mukudziwa mumtima kuti popanda kenakakeko ndalama sizikanatuluka, chimenecho ndi riba.

Phindulo silikhala ndalama zokha. Ngati mwabwereketsa ndalama ndi pangano lakuti mwana wanu amene akuphunzira ku Lilongwe azikhala m'nyumbamo ulere mpaka ngongole itatha, lendi yosalipidwayo ndi phindu la ngongole. Chimodzimodzi pinyolo yomwe tinaizolowera kwathu kuno: munthu wapinyolitsa dimba kapena injini ya boti, ndipo wobwereketsayo akulima dimbalo kapena akupha nayo nsomba injiniyo kwinaku ngongole ili chiimire. Chikole ndi chotsimikizira chabe. Zokolola zake ndi za mwini wake. Abdullah ibn Salaam, Allah asangalale naye, anachenjeza munthu wina wochokera ku Iraq kuti asalandire ngakhale mtolo wa udzu wa ziweto kuchokera kwa munthu amene ali naye ngongole. Kwathu kuno tinganene kuti beseni la usipa lomwe layamba kubwera pakhomo panu ngongole itangoperekedwa, pomwe kale silinkabwera, likaikireni.

Chololedwa ndi ichi: wobwerekayo pa tsiku lobweza, mwa kufuna kwake, popanda pangano kapena chizolowezi chomukakamiza, awonjezerepo mphatso. Mtumiki (madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye) anabwereka ngamira yaing'ono n'kubweza yaikulupo, ndipo anayamikira anthu obweza bwino ngongole. Koma mphatso yolonjezedwa pafoni ndalama zisanatuluke yasiya kukhala mphatso.

Nanga kwacha ikagwa?

Apa ndi pamene amalume ambiri amadandaulira, ndipo dandaulo lawo n'lomveka. Munthu amene anabwereketsa K10,000,000 mu October 2023, dola ili pa K1,180, anapereka ndalama zokwana pafupifupi madola 8,470. Patangopita milungu yochepa dola inafika pa K1,700, ndipo K10,000,000 yomweyo inatsala madola pafupifupi 5,880. Nyumba yomwe inagulidwa ndi ndalamazo yakwera mtengo, wobwereketsa watsala ndi mapepala opepuka. Kodi sangapemphe zowonjezera?

Bungwe la maulama la International Islamic Fiqh Academy linakambirana funsoli pa msonkhano wake ku Kuwait mu December 1988, ndipo linagamula kuti ngongole ya ndalama imabwezedwa mu kuchuluka komweko kwa ndalama yomwe inabwerekedwa, osati kutsatira kukwera kwa mitengo ya zinthu. Choncho wobwereketsa makwacha adziwiretu kuti akuchita ibada yothandiza m'bale wake, ndipo mphoto yake ili kwa Allah. Si bizinesi.

Pali njira ina yoteteza wobwereketsa popanda riba, ndiyo kubwereketsa katundu weniweni woyezeka. Mukagula matumba 200 a simenti n'kumubwereka m'bale wanu, adzakubwezerani matumba 200 a simenti ya mtundu womwewo, kaya mtengo wakwera kaya watsika. Koma chikhale chenicheni: simentiyo igulidwe ndi inu ndipo iperekedwe ngati simenti. Kupereka makwacha n'kulemba papepala kuti ndi simenti ndi kudzinamiza.

Wobwereka naye achenjere ndi ndalama zochokera ku Joni. Ngati mwagwirizana ndi achimwene anu kuti ngongoleyo ndi ya marandi, mudzabweza marandi, pomwe lendi ya nyumba yanu ikubwera m'makwacha. Kwacha ikagwanso, ngongole yanu idzakula muli m'tulo. Nenani momveka pa tsiku loyamba kuti ngongoleyi ili mu ndalama iti, ndipo zilembedwe.

Mukufuna phindu? Khalani eni, osati obwereketsa

Shariah sinatseke khomo la phindu. Inangoti wofuna phindu avomerenso kuluza. Njira yake ndi shirka, kapena kuti musharaka: kugula nyumba limodzi, aliyense n'kukhala ndi gawo lake malinga ndi zomwe waika. Asodzi zimenezi si zachilendo kwa inu. Mwini chilimira ndi anyamata ake amagawana zomwe nyanja yapereka usiku umenewo, ndipo tsiku lobwera chimanjamanja palibe amene amaumiriza mnzake kuti amulipire nsomba zomwe sizinaphedwe.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala awa ndi ongophunzirira masamu, inu mudzaikepo mitengo yeniyeni yomwe mwapeza. Tiyerekeze kuti nyumba yakale ku Falls ikugulitsidwa K60,000,000. Mnyamata uja ali ndi K24,000,000, amalume a ku Senga Bay aika K18,000,000, achimwene a ku Joni K12,000,000, ndipo azakhali olima mpunga ku Lifuwu aika K6,000,000. Magawo awo ndi 40, 30, 20 ndi 10 pa 100. Tinene kuti lendi ndi K400,000 pamwezi, ndipo K50,000 ikupatulidwa kuti ikhale yokonzera nyumba ndi kulipirira misonkho. Zotsala K350,000 zigawidwa chonchi: mnyamata K140,000, amalume K105,000, achimwene K70,000, azakhali K35,000. Mwezi womwe nyumba ilibe munthu, onse salandira kanthu. Denga likasasuka, onse asonkha malinga ndi magawo awo. Nyumba ikakwera mtengo onse apindula, ndipo kugwa kwa kwacha sikupweteka mmodzi yekha. Mnyamatayo ngati ndiye akuthamangathamanga ndi alendi, mutha kugwirizana malipiro ake a ntchitoyo padera.

Masamu omwewa akutiuzanso zina. Pachaka nyumbayi ikubweretsa K4,200,000, kutanthauza kuti pa lendi yomweyi pafunika zaka zoposa 14 kuti K60,000,000 ibwerere. Mnyamatayo akanatenga K36,000,000 ya abale akeyo ngati ngongole yopanda chiwongoladzanja, n'kumapereka lendi yonse kwa iwo osadyapo kalikonse, zikanamutengera zaka zisanu ndi zitatu ndi theka. Tsono akamati "ndibweza chaka chamawa", mufunseni kuti ndalamazo zidzachokera kuti. Ndipo akanalonjeza kenakake ka 5 peresenti pamwezi, bwenzi akufunika K1,800,000 mwezi uliwonse pa nyumba ya lendi ya K400,000. Riba ndi tchimo, komanso pa nyumba zalendi masamu ake sagwira n'komwe.

Ngati mnyamatayo akufuna kuti tsiku lina nyumba idzakhale yake yekha, atha kumagula magawo a anzakewo pang'onopang'ono. Akagula gawo la azakhali, lendi yake imakwera kufika 50 pa 100, ndipo amapitiriza choncho. Maulama a masiku ano amalola njira imeneyi, koma mtengo wa gawo ukhale womwe mwagwirizana pa tsiku logulitsanalo poona mtengo wa nyumba nthawi imeneyo. Akalonjeza pachiyambi kuti adzakubwezerani mpamba wanu wonse zivute zitani kwinaku mukulandira lendi, ndiye kuti ndi ngongole ya phindu ija yangovala malaya ena.

Ziliponso njira zina ziwiri. Wamalonda amene ali ndi malata kapena simenti yakeyake atha kugulitsa kwa womanga pa mtengo wokwererapo wolipira mtsogolo, bola mtengowo ukhale umodzi wodziwika pa tsiku la malonda ndipo usakwerenso wogula akachedwa. Palinso chipereganyu, pomwe aliyense amasonkha mofanana n'kumalandira mosinthana popanda chowonjezera, chimene maulama ambiri amachilola. Koma banki m'khonde yomwe imakongoza mamembala ndi chiwongoladzanja n'kudzagawana pakutha pa chaka ili m'gulu la riba, ngakhale mamembala onse atakhala a mzikiti umodzi.

Malowo alikodi?

Mgwirizano utha kukhala wa halaal koma malo ake n'kukhala a bodza. Kumudzi malo timawadziwa kudzera kwa amfumu ndi anthu oyandikana nawo. Ku Area 1, Area 3 kapena Area 43 nkhani ndi mapepala. Malo ambiri mumzinda ali pa lizi, kawirikawiri ya zaka 99, ndipo eni nthaka akuluakulu ndi Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation ndi Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe. Funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti: malowa ali pansi pa ndani mwa amenewa, ndipo nambala ya puloti ndi chiyani?

Mukapeza nambalayo, pitani nokha kapena tumani loya ku ofesi yosunga kaundula wa malo kuti akafufuze. Likulu la Unduna wa za Malo lili ku Zowe House ku City Centre, ndipo kumeneko adzakulozerani khomo loyenera. Kafukufukuyo amaonetsa dzina la mwini wake weniweni, zaka zomwe zatsala pa lizi, komanso ngati nyumbayo ndi chikole cha ngongole ya kubanki kapena pali wina amene anaikapo chiletso. Dzina la m'kaundula lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsayo. Funsaninso ngati lendi ya nthaka ya kuboma ndi msonkho wa kukhonsolo zilibe ngongole, chifukwa zotsalira zimadzavutitsa wogula. Ngati ndi puloti yosamangidwa, werengani nthawi yomwe lizi yapereka kuti mukhale mutamanga, popeza wolephera atha kulandidwa malowo.

Samalani kwambiri ndi zinthu zitatu. Choyamba, nyumba ya munthu womwalira: mwana mmodzi sangagulitse yekha popanda zikalata zomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma chamasiye, ndipo kudya gawo la ana amasiye ndi moto, monga ikuchenjezera Surat An-Nisaa ndime 10. Chachiwiri, munthu amene akungochita lendi m'nyumba ya bungwe si mwini wake, ngakhale atakhalamo zaka makumi atatu. Chachitatu, madobadoba ofulumizitsa, aja amati "pali wina akubwera ndi ndalama mawa." Mtumiki (madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye) analetsa kugulitsa chinthu chomwe munthu alibe, ndipo anachenjeza za chilango choopsa kwa wolanda nthaka ya mnzake ngakhale yaing'ono ngati chikhatho. Nyumba yoona imadikira sabata ziwiri za kafukufuku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndalama zipite kudzera kubanki, ku akaunti ya dzina la mwini nyumba, kuti pakhale umboni. Ndipo ngati mwagula mwa shirka, maina a eni onse ndi magawo awo alowe m'kaundula. Nyumba ikalembedwa dzina la mnyamata yekha, boma limadziwa iye yekha, ndipo atha kuigulitsa kapena kuiika chikole inu muli pa nyanja osadziwa.

Kulemba si kukaikirana

Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka si ya Swala kapena ya Hajj. Ndi ndime 282 ya Surat Al-Baqarah, ndipo ikunena za ngongole. Ikutilangiza kuti ngongole ya nthawi yodziwika ilembedwe, mlembi alembe mwachilungamo, wobwerekayo ndiye anene zolembedwazo, pakhale mboni, ndipo tisachite ulesi kulemba kaya ndi yaing'ono kaya ndi yaikulu. Ndime 283 ikuloleza kutenga chikole. Tsono m'bale wanu akati "amalume, mpaka kulemberana, simukundikhulupirira?" muyankheni kuti amene analangiza kulemba ndi Allah, ndipo analangiza maswahaba omwe anali okhulupirika kuposa ife.

Pepalalo likhale ndi maina onse ndi manambala a ziphaso, kuchuluka kwa ndalama ndi mtundu wake, komanso mawu omveka akuti iyi ndi ngongole kapena ili ndi gawo la umwini. Ngati ndi ngongole, lembani masiku obweza. Ngati ndi shirka, lembani magawo, wotolera lendi, tsiku logawana, ndi chochita wina akafuna kutulukamo kapena akamwalira. Lembani nambala ya puloti, chikole ngati chilipo, ndi anthu amene adzakuyanjanitseni mukasemphana. Asayine eni ake ndi mboni, aliyense asunge pepala lake. Pa ndalama zambiri chonchi, musaumire ndalama ya loya: kalata ya kumzikiti imathandiza pachibale, koma pa nkhani ya nthaka khoti limayang'ana zolembedwa mwa lamulo la dziko. Akazi anu kapena amuna anu adziwe, ndi mwana mmodzi wamkulu adziwe pomwe pali pepalalo.

Mawu kwa wobwereketsa

Musapereke mpamba. Ndalama ya mafuta a injini, yokonzera ukonde, ya feteleza ndi mbewu, ya fizi ndi yachipatala si yobwereketsa. Inu mukudziwa kuti mwera ukaomba kuyambira May mpaka August mutha kukhala masiku angapo osalowa m'madzi, ndiponso chakumapeto kwa chaka nyanja imatsekedwa kwa zida zina kuti chambo chiswane. Injini ikafa lero, nyumba ya ku Falls simungaigulitse mawa, ndipo simungadule chipinda chimodzi kupita nacho kwa makaniko. M'chitsanzo chathu chija, amalume pa K18,000,000 akulandira K1,260,000 pachaka. Ayerekeze ndi zomwe ndalama yomweyo ikanabweretsa pa boti kapena pa mathandala, kenako asankhe maso ali poyera. Perekani zokhazo zomwe mutha kukhala osaziona zaka zingapo banja lanu osagona ndi njala.

Kukana ndi ufulu wanu, ndipo si tchimo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma mukabwereketsa, m'bale wanu n'kugwa m'mavuto enieni, ndime 280 ya Surat Al-Baqarah ikukulamulani kumudikira mpaka atapeza bwino, ndipo ikuti kumukhululukira n'kwabwino koposa. Simungamulipiritse chindapusa chodzadya inu chifukwa chochedwa.

Mawu kwa wobwereka

Nenani zoona zonse, kuphatikizapo ngongole zina zomwe muli nazo kale. Musatenge kwa azakhali kuti mubweze kwa amalume n'kumanamizira kuti ndi phindu la nyumba. Umo ndi mmene amayambira makampani achinyengo aja amene amatha anthu akulira. Dziwaninso kuti kutolera ndalama kwa anthu ambirimbiri osawadziwa n'kumawalonjeza phindu ndi ntchito yofuna chilolezo cha Reserve Bank. Mukapeza ndalama bwezani msanga: Mtumiki (madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye) anatcha kuzengereza kwa munthu woti ali nazo kuti ndi kupondereza. Kugula galimoto amalume akudikira ndalama ya injini ndi kupondereza kumeneko.

Kumbukirani za maliro aja amene anabwera nawo kwa Mtumiki kuti awaswalire. Atamva kuti womwalirayo wasiya ngongole yopanda chobwezera, anauza maswahaba kuti amuswalire okha, mpaka Abu Qatada, Allah asangalale naye, atavomera kusenza ngongoleyo. Pa chuma chamasiye, ngongole imayamba kubwezedwa ana asanagawane, monga zilili mu Surat An-Nisaa ndime 11 ndi 12. Lembani wasiya wanu lero, ndipo ngongole zanu zonse zikhalemo.

Zakaat isaiwalike

Nyumba yalendi payokha ilibe Zakaat, koma lendi yomwe mwasunga imawerengedwa pamodzi ndi ndalama zanu zina, ndipo zikafika pa nisaab n'kutha chaka mumapereka 2.5 peresenti. Puloti yomwe munagula ndi cholinga chodzagulitsa ndi katundu wa malonda, Zakaat yake imawerengedwa pa mtengo wake wa chaka chimenecho. Ndalama zomwe mwabwereketsa kwa munthu woti atha kubweza zikadali chuma chanu, ndipo Zakaat yake ili pa inu. Pa tsatanetsatane wa mawerengedwe, khalani pansi ndi Shehe wa kwanuko muli ndi manambala m'manja.

Tsono foni ija ikalira, mutha kuyankha chonchi: "Mwana wanga, maganizo ako ndi abwino. Kenakake pamwamba ayi, chimenecho ndi riba. Nditumizire nambala ya puloti ndi dzina la mwini wake tikafufuze. Zikakhala bwino, sankha: ndikubwereke zochepa zomwe ndingakwanitse udzabweze zomwezo, kapena ndigule gawo dzina langa lilowe pa chikalata. Ubwere Ijumaa ikudzayi tikalembe pamaso pa mboni." Mwana wofuna zabwino adzakwera basi ya ku Salima n'kubwera. Amene adzakwiye chifukwa cha pepala wakuthandizani kudziwa kuti ndalama zanu zikhale pomwe zili. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, koma tonse taonapo abale osapatsana salaam pa Eid chifukwa cha ngongole yosalembedwa.

Zokambirana pa darasa sabata ino

1. Kodi pali ngongole yomwe munapereka kapena kulandira yomwe mpaka lero sinalembedwe? Chikukuletsani n'chiyani kuilemba sabata ino?

2. Munthu wapinyolitsa dimba lake kwa inu ndipo mwalima zaka ziwiri. Malinga ndi phunziroli, muchite chiyani ndi zokolola zomwe munapezamo?

3. M'chitsanzo cha nyumba ya ku Falls, mnyamata atagula gawo la azakhali ndi la achimwene ake, iye ndi amalume azigawana bwanji K350,000 ija?

4. Mutamwalira usiku uno, ndani pakhomo panu akudziwa anthu amene muli nawo ngongole ndi amene ali ndi ngongole kwa inu?

Tikupempha Allah atipatse rizq ya halaal kuchokera m'nyanja ndi m'minda yathu, atiteteze ku riba ndi kulemedwa ndi ngongole, ndipo asunge chibale chathu. Ameen.